MAU A PA TEPI NDI MAU A M'KOMPYUTA: KODI CASINTHA N'CIANI?

Pakati pa akuluakulu amene anagwirako nchito ku Migodi ndi ana ao a masiku ano pali mkangano wosatha msanga. Akulu amati nyimbo zimene anali kugula ku Kitwe ndi ku Ndola m'zaka za m'ma 1970 zinali ndi thupi: gitala anali kulira mwaukali koma osalasa m'khutu, ng'oma inali kugunda pacifuwa, ndipo woimba anali kumveka monga munthu amene muli naye m'nyumba. Za lero, iwo amatero, n'zowala koma zopanda mnofu. Anyamata nao sagonja. Amati zakale zija n'zodzala ndi phokoso, mau ake ngobisika, ndipo makina a tsopano amajambula bwino koposa.

Onsewa akumva zoona. Komatu ciweruzo cimene ambiri amathamangira, cakuti kompyuta ndiyo inapha kukoma kwa nyimbo, n'cosalungama. Kuti tione pamene pagona nkhani tiyenera kuyamba tadziwa mmene mau amagwidwira ndi kusungidwa.

MMENE TEPI IMAGWIRIRA MAU

Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Mukaika dzanja pa cikopa ca ng'oma pamene ina ikulira pafupi, mudzamva cikopaco cikunthunthumira. Maikolofoni ali ndi kacikopa kotero m'kati mwake, ndipo nchito yake ndi kusandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi imene imakwera ndi kutsika molingana ndi mauwo.

Tepi ndi kansalu kakatali ka pulasitiki kopakidwa fumbi losalala la dzimbiri la citsulo. Pamene ikuyenda imakhudza kamutu ka makina, ndipo m'kamutumo muli waya wa mkuwa wokulungidwa, mkuwa wonga womwewo umene abale athu akhala akukumba ku Nkana. Magetsi ocokera ku maikolofoni akadutsa m'wayamo, kamutuko kamasanduka maginito, mphamvu yake nkumasintha pamodzi ndi mau, ndipo fumbi la pa tepi limasunga cizindikiro ca mphamvuyo monga dothi lonyowa lisungira phazi la amene wapondapo. Poliza tepi, makina amangobwerera m'mapazi omwewo. Njira imeneyi ndiyo imachedwa analogi.

Nzeruyi inacokera ku Germany. Fritz Pfleumer analembetsa tepi yotere mu 1928, ndipo kampani ya AEG inaonetsa makina ake mu 1935. Kaseti imene tonse tikuidziwa inabwera mu 1963 kucokera ku kampani ya Philips. Pano tisasokoneze zinthu ziwiri: tepi ya mu situdiyo ndi yaikulu, ya pa mikombero iwiri yoonekera, ndipo nthawi zambiri imathamanga masentimita 38 pa sekondi imodzi, pamene kaseti imayenda masentimita osakwana 5 pa sekondi. Tepi ikamathamanga kwambiri, mau amapeza malo okwanira ogonapo. N'cifukwa cake munthu amene anangomvera makaseti a pamsika sanamvepo tepi pa mphamvu yake yeniyeni.

MMENE KOMPYUTA IMAWERENGERA MAU

Njira ya dijito ndi ina. Makina sasunga phazi la mau, koma amapima mphamvu ya magetsi ija kawirikawiri ndi kulemba nambala ya cimene apeza, monga kalaliki wa pa depoti amene amaika thumba lililonse pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake m'buku. Pa CD, imene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, makina amapima ka 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo sikelo yake ili ndi mizere 65,536. Poliza, makina amawerenga manambala aja ndi kuumbanso mafunde a mau.

Ena amaganiza kuti popeza mau adulidwa m'manambala, ndiye kuti pali zina zimene zimagwera m'mipata. Sizitero. Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kofika ka 20,000 pa sekondi, ndipo la wamkulu silifikako n'komwe. Akatswiri a masamu anaonetsa kale kuti mukapima koposa kawiri liwiro la mau amene mufuna kusunga, mauwo amabwerera athunthu. Nambala ija ya 44,100 inasankhidwa kuti ipitirire muyeso umenewo.

MTSUKO NDI BOTOLO

Tsono ngati manambala sataya kanthu, kukoma kumene akulu akukusowa kunacokera kuti? Mbali ina kunacokera ku zofooka za tepi yeniyeniyo.

Amai onse akudziwa kuti madzi a mu mtsuko ali ndi kafungo ka dothi, ndipo ambiri a ife timawakonda koposa a m'botolo. Koma kafungoko si ka madzi, ndi ka mtsuko. Tepi ndi mtsuko. Imathira zakezake m'mau amene yapatsidwa, pamene dijito yabwino ili ngati botolo lotsukidwa: cimene mwathiramo ndico mudzamwa, cikhale cokoma kapena cowawa.

Cacikulu cimene tepi imacita cimaoneka mau akakula. Fumbi la dzimbiri lija lili ndi malire a mphamvu imene lingasunge, koma silikana mwadzidzidzi. Limacita monga thumba la thonje: likadzala mumatha kupondereza ndi kuonjezamo lina, thonjelo nkumapanikizika pang'onopang'ono. Woimba ng'oma akamenya mwamphamvu, tepi imafinya nsonga ya kugundako, kulira kwake nkukhala konenepa ndi kofewa m'mphepete. Gitala waukali amaonjezedwa timau tina togwirizana naye. Ici ndico cimene anthu amacicha kufunda kwa tepi. Dijito ilibe cifundo cotero. Nambala yaikulu kopambana ikafikidwa palibenso ina pamwamba pake, ndipo mau opitirira pamenepo amadulidwa mutu, nkumveka ngati nsalu ikung'ambika. Katswiri wojambula ndi kompyuta amasiya malo okwanira kuti asafike pa denga limenelo, ndipo malowo alipo ambiri, pakuti mtunda wa pakati pa mau aang'ono ndi aakulu umene CD imatha kusunga ndi wotakata kuposa wa tepi.

Zina zimene tepi imaonjeza si zonyaditsa. Pali kaphokoso kosaleka konga ka mafuta ali pamoto, kamene kamamveka bwino nyimbo ikafika podekha. Kamabwera cifukwa fumbi lija ndi timibulu, ndipo timibulu sitingayalidwe mofanana ndendende. Pali kugwedera kwa mau pamene injini ya makina siyenda mwa liwiro limodzi. Aliyense amene analizapo kaseti mabatire atafooka akudziwa mmene woimba amasandukira woledzera. Ndipo pali kutha kwa mau pokopera. Tepi ikakopedwa ku inzake, phokoso limakula ndipo mau ang'onoang'ono okwera amazilala. Yacitatu imaipirapo, monga masamba a tiyi ophikidwa kacitatu. Manambala alibe matenda amenewa. Mukakopera 7 mumapeza 7, ngakhale mukopere ka 1,000.

ZIMENE ZINACITIKA KU MIGODI

Nkhaniyi ikutikhudza ife a m'Zambia cifukwa cuma cathu ca nyimbo cinasungidwa pa tepi. Mu 1957 Hugh Tracey anayenda m'makomboni a ku Migodi ndi makina ake, najambula anyamata oimba magitala amene anacokera m'madera osiyanasiyana kudzafuna nchito. Malemu Alick Nkhata, amene mau ao anadziwika m'midzi yonse kudzera pa wailesi ya ku Lusaka, anagwirapo nchito ndi Tracey asanalowe ku wailesiko.

Ufulu utabwera mu 1964, ndalama za mkuwa zinadzutsa mbadwo wina wa oimba. Ku Kitwe kunabadwa gulu la WITCH, limene woimba wake wamkulu ndi Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari, amene anakulira ku Chamboli. Ku Kitwe komweko mu 1973 kunayambika gulu la Amanaz, la Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa, Jerry Mausala ndi Watson Lungu. Ku Ndola kunali Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, imene inatulutsa zimbale zambiri za magulu amenewa, ndiponso kampani ya Teal imene inali ndi fakitale yosindikiza mbale za galamafoni. Poyamba a WITCH anacita kunyamula tepi yao kupita nayo ku Nairobi kuti ikasindikizidwe, nabwera ndi mbalezo monga katundu wa paulendo. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo masitudiyo anadzala. Nyimbo za nyengo imeneyo ndizo dziko lapansi likuzicha Zamrock lero.

Amanaz anajambula cimbale cao cimodzi cokha, cochedwa Africa, ku situdiyo ya Malachite ku Chingola, ndipo cinatuluka mu 1975. Cimbale cimeneci cili ndi phunziro lalikulu pa mkangano wathu, pakuti cinatuluka m'mitundu iwiri. Pa mtundu wina mau ndi ouma, oimba ali pafupi ngati ali pakhonde panu. Pa wina mau anathiridwa kubwereza konga kwa munthu wofuula m'phanga, kotero kuti nyimbo zomwezo zimamveka zakutali ndi zacisoni. Oimba ndi omwewo, nyimbo ndi zomwezo, zonse ziwiri ndi za pa tepi, koma m'khutu n'zosiyana kwambiri. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi n'kwakukulu kuposa kusiyana kulikonse kumene munthu angamve pakati pa tepi ndi kope lake labwino la dijito. Cinasiyanitsa ndi dzanja la munthu amene anakhala pa makina osakanizira mau.

Apa ndi pamene wolemba uno aona kuti akulu amalakwira kompyuta. Cimene iwo akukumbuka si tepi yokha. Masiku amenewo masitudiyo a ku London anali ndi makina otha kujambula ciwiya ciliconse pa mzere wakewake wa tepi, mizere 16 kapena 24, pamene athu kuno anali ndi mizere yowerengeka. Cotero gulu linali kulowa m'cipinda ndi kuimbira pamodzi. Mau a ng'oma anali kulowa m'maikolofoni ya woimba, gitala nkulowa m'ya ng'oma, ndipo makoma a cipindaco anali kumveka nao. Tepi inali yodula, yocokera kunja, ndipo nthawi ya mu situdiyo inali yolipira. Wolakwitsa anali kubwezetsa anzake onse poyambira. Motero anyamata anali kufika atakonzeka, atazolowerana m'maholo a migodi ndi m'mabwalo a zionetsero usiku ndi usiku. Woimba ng'oma akafulumira pang'ono pofika pokoma, onse anali kufulumira naye. Umenewo ndiwo moyo umene umamveka m'mbale zija.

Lero mnyamata wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu akhoza kupanga nyimbo yonse ali yekha m'kacipinda, ndi kompyuta ndi maikolofoni imodzi. Ng'oma yake ndi ya m'makina, yosaphonya ndi yosatopa. Mau akapotoka, pulogalamu imawaongola. Pomaliza nyimbo yonse imafinyidwa kuti imveke mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti isagonje kwa inzake m'minibasi kapena m'bala. Khutu limatopa ndi nyimbo yopanda podekha, monga mmene litopera ndi munthu wolankhula mokuwa tsiku lonse. Koma zonsezi ndi zosankha za anthu. Kompyuta yomweyo ikhoza kujambula anthu asanu akuimbira pamodzi m'cipinda, ndipo idzasunga ciliconse cimene acita. Tisaiwalenso ubwino wake: mwana wa mlimi amene kale sakadaponda pakhomo la Malachite tsopano akhoza kumvedwa ndi dziko.

Palinso cina cimene cimaipitsa mbiri ya dijito kumudzi. Nyimbo zambiri zimene timaikitsa m'mafoni ndi m'timakhadi ndi za mtundu wa MP3, umene umataya dala mbali ya mau kuti nyimbo icepe, kawirikawiri mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 11 a kukula kwake pa CD. Ikafinyidwanso kaciwiri ndi kacitatu podutsa m'manja mwa anthu, zitsulo za ng'oma zimayamba kumveka ngati madzi. Kenaka timaimvera pa kasipika ka foni kocepa ngati batani la malaya, kamene sikangatulutse kugunda kwa besi. Kuyerekeza zimenezo ndi galamafoni ya m'bokosi la matabwa imene bambo anabwera nayo kucokera ku Luanshya ndi kuweruza mlandu mboni imodzi isanafike.

AMENE ANAPULUMUTSA MAU A TEPI

Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo cuma ca dziko cinalowa pansi. M'zaka zotsatira makaseti okopedwa mwakuba anadzaza misika, fakitale ya mbale ku Ndola inaleka nchito, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo. Mwa amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, amene anakhala mphunzitsi, pambuyo pake nkumakumba miyala ya mtengo wapatali. Mbale zambiri zinasweka, zina ana anaseweretsa, ndipo matepi ambiri oyambirira anasowa.

Tepi si mwala. Guluu amene amagwira fumbi lija pa pulasitiki amamwa cinyontho, ndipo matepi ena opangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amafika pomata. Mukawaliza, fumbi limasupuka ndi kutsalira pa kamutu ka makina, nyimbo nkupita nalo. Akatswiri amayamba awaumitsa m'ng'anjo yapadera pa kutentha kwa madigiri 50 ndi pang'ono kwa maola ambiri, ndipo akatero amakhala ndi masiku owerengeka oti akopere zimene zilipo. Nkhungu, dzuwa ndi maginito nazo ndi adani. Ngakhale tepi yosungidwa bwino imadyeka pang'ono nthawi iliyonse imene yalizidwa.

Cimene cinabweza nyimbozi kwa amoyo ndi dijito yomwe ikunyozedwayo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, cimbale ca Amanaz ndi mitundu yake yonse iwiri mu 2015, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. Pa nchito yotere, tepi yoyambirira ikapezeka amakopera kucokera pamenepo. Ikasowa amafunafuna mbale yosakalika kwambiri, kuilowetsa m'kompyuta, ndi kucotsa kuthetheka kwa zipsera kumodzikumodzi. Zojambula za Hugh Tracey nazo zikusungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, kumene zinakopedwa m'manambala, ndipo Michael Baird, wobadwira ku Lusaka, anatulutsa zina mwa izo pa CD kudzera m'kampani yake ya SWP.

Tsono taonani codabwitsa. Mnyamata wa ku Tokyo kapena ku Berlin amene lero akutamanda kufunda kwa tepi ya ku Chingola, nthawi zambiri akuimvera pa intaneti, ndiko kuti m'manambala. Kunenepa kwa ng'oma, ukali wa gitala, ngakhale kaphokoso ka mafuta kaja, zonse zafika kwa iye zathunthu. Botolo lasunga madzi pamodzi ndi fungo la mtsuko. Ngati manambala akadakhala oziziritsa mau, kufundako kukadathera panjira. Ndipo opanga mapulogalamu a kompyuta tsopano amagulitsa zida zotsanzira kufinya ndi kugwedera kwa tepi, zimene akatswiri akale anali kulimbana nazo kuti zicoke.

Gulu la WITCH linadzukanso, Jagari ali pamodzi ndi Patrick Mwondela ndi oimba acinyamata a ku Ulaya. Filimu ya Gio Arlotta yosimba mbiri yao inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 anatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango. Pocijambula anabwerera ku DB Studios ku Lusaka, kumene anajambulira Lazy Bones!! mu 1975. Anadziwa kuti cipinda naco ndi ciwiya coimbira.

KWA AMENE MULI NDI MAKASETI M'SUTIKESI

Ambiri amene anapuma nchito ku Migodi anabwerera kwao ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi ndi masutikesi a mbale ndi makaseti. M'menemo simuli nyimbo za m'sitolo zokha. Muli makwaya a mipingo, nyimbo za pa maukwati, ng'oma za kumudzi, ndi mau a makolo amene anali kutumiza uthenga pa kaseti kwa ana ao a kutali. Zimenezi kulibe kampani ya ku America imene idzabwera kudzazifuna, ndipo zambiri zilipo kope limodzi lokha padziko lonse.

Zisungeni pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi denga la malata ndi kutali ndi masipika, pakuti m'sipika muli maginito. Mbale ziimikidwe ciriri, zisasanjikizidwe, cifukwa zimapindika. Kaseti imene yacita nkhungu kapena imene ikulira ngati mbewa poyenda musaikakamize, ndipo musayese kuiumitsa pamoto kapena padzuwa. Imene ili bwino ipititseni kwa munthu amene ali ndi makina a kaseti abwino ndi kompyuta, alumikize ziwirizi ndi waya m'malo mongoyandikiza foni ku sipika. Muuzeni asunge kope loyamba losafinyidwa, la mtundu wa WAV, ndipo la MP3 likhale longomvera. Lembani papepala amene akuimba, malo ndi caka, akulu odziwa akadalipo.

Manambala nao ali ndi imfa yao. Tepi imafa pang'onopang'ono ndipo imacenjeza, koma kakhadi ka m'foni kamafa tsiku limodzi ndi zonse zili m'menemo. Cotero kope likhale m'malo awiri kapena atatu, lina kwa mwana wa ku tauni, lina kumudzi. Kaseti yeniyeniyo musaitaye mukatha kukopera, cifukwa mwina mtsogolo mudzapezeka wina wa makina abwino koposa amene adzafuna kuiwerenganso.